Ulusi wa pa Chikope cha Agogo a Matiya

Ndikakumbukira agogo a Matiya, bambo awo a mayi anga, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la ulusi wa m'matayala ukupsa. Nthawi ya nkhondo ulusi wosokera ukonde unasowa monga mmene unasowera mchere ndi sopo, ndiye agogo ankatenga tayala lakale la galimoto, kuling'amba ndi kampeni kawo, n'kusolola timaulusi ta m'kati mwake kamodzikamodzi, ndipo akamanga mfundo ankagunditsa nsonga yake pa khala la moto kuti isamasuke. Kautsi kake kanali kakuda, konunkha mpira, ndipo kankasakanikirana ndi fungo la ukonde wonyowa, la usipa wouma pamchenga ndi la chinangwa chimene amayi ankaviika mumtsuko kuseri kwa nyumba. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango, ukonde ataukoletsa ku chala chachikulu cha kuphazi, mutu ataupendeketsa ngati nkhuku yoyang'ana mphamba, pakuti ankaonera diso limodzi.

Masiku amenewo tinkakhala ku Chiwanga, koma sikunali kwathu. Kwathu kunali kumpoto, kupitirira Msumba. Dzina la mudziwo sinditchula, ndipo amene anautentha sindinena kuti anali a mbali iti. Anthu amati zinatha, tinakhululukirana. Chabwino. Koma ena mwa iwo ndimakumana nawo pamsika, imvi zili mbuu, ndipo pepala limayenda kutali kuposa mwini wake.

Diso lakumanzere la agogo linafa kalekale ali mnyamata, mbedza italowamo. Lakumanja ndi limene linkatidyetsa atatufe, agogo, amayi ndi ine, chifukwa bambo anga anatengedwa ndi anthu a mfuti ndili wamng'ono ndipo sanabwerenso. Asodzi ankabweretsa maukonde ong'ambika, agogo n'kusoka, iwo n'kusiya mbale ya usipa kapena utaka pakhomo. Tsiku limene mudzi wathu unapsa, agogo anabwerera m'nyumba kukatenga thumba la singano zawo zansungwi, ndipo udzu woyaka wa padenga unawagwera pa tsaya lakumanja. Bala linapola, koma popola khungu linakhwinyata, n'kukoka chikope cham'munsi mpaka kuchitembenuzira kunja, mwakuti kufiira kwa m'kati mwake kunkaonekera ngati nyama yaiwisi. Diso silinkatsekeka ngakhale akagona. Misozi inkangoyenderera pa chipseracho, ntchentche zili ng'wee, ndipo ntchito yanga inali kukhala pambali pawo ndi kansalu konyowa, kuwapukuta ndi kuingitsa ntchentchezo.

Anali munthu wanthabwala, ndipo monga achitira agogo aamuna kwathu kuno, ankanditcha mkazi wawo.

"Mkazi wanga, ukuona mmene ndikukulirira? Amuna ena amalira tsiku la maliro lokha, ine tsiku lililonse."

"Mukulirira fodya amene mulibe, amuna anga okalamba," ndinkawayankha, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

Chimene ndinkadabwa nacho n'chakuti munthu wotenthedwa chonchi ankakhulupirira aliyense. Msodzi akanena kuti usipa ndibweretsa mawa, agogo ankamupatsa ukonde wake. Mlendo akapempha madzi, ankamufunsanso ngati wadya. Amayi ankawadzudzula, iwo n'kungoti, "Ukayamba kulondera aliyense, usoka nthawi yanji?"

Mwera wachiwiri utawomba, mchenga ukuuluka pagombe, diso lija linayamba kugonja. Agogo anati akuona ngati akuyang'ana m'madzi ovunduka. Anayamba kudumpha mabowo posoka. Tsiku lina msodzi anabweza ukonde mwaulemu, akukanda kumutu, n'kuwaonetsa malo atatu amene anaiwala. Atachoka, agogo anaika singano pansi, ndipo ine, ngakhale ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha, ndinadziwa kuti diso limenelo likazima, ndiye kuti mdima kwa iwo ndi njala kwa tonse.

Mvula itayamba, kunabwera namwino wamwamuna wa ku Metangula, amene tinkangomutcha enfermeru, munthu wa ku Maniamba woyenda pa njinga yomanga ndi mphira. Anati kwafika dotolo wamkazi wachilendo pa boti, wadzasoka asilikali ovulala, akhala masiku owerengeka, ndipo ntchito ya khungu amaidziwa. Anati wamuuza kale za agogo.

Amayi anakana.

"Bambo, diso limodzi lomweli mukalipereke kwa munthu amene mawa akwera boti n'kupita? Akalakwitsa, tikamupeza kuti?"

"Nanga ndikalisunga, mwanangu, ndilisunga mpaka liti? Likutha lili m'manja mwanga momwe."

"Mukumudziwa?"

"Ayi. Iyenso sakundidziwa, koma wavomera."

Tinapita pa bwato la mnansi wathu, kalata yoyendera amayi ataimangirira m'kapulana, nsalu yawo yovala. Kuchipatalako kunkanunkha mankhwala ndi mabala, anthu atagona mpaka pakhonde. Dotoloyo anali wamfupi, wa manja ang'onoang'ono, wolankhula Chipwitikizi chothyokathyoka, ndipo enfermeru ndi amene ankamasulira. Anati adula chipsera chimene chikukoka chikope, chikope chibwerera m'malo mwake, koma pansi pake patsala malo opanda khungu, ndiye atenga kakhungu kuseri kwa khutu n'kusokerapo.

"Chigamba," agogo anatero. "Ndiye kuti ndi mnzanga, nayenso ngwosoka. Mufunseni ngati ulusi wake ndi wa m'tayala."

Enfermeru atamasulira, dotolo anaseka, n'kuika kaulusi kake m'manja mwa agogo kuti akagwire. Anakapota ndi zala n'kugwedeza mutu movomereza.

Ine anandiuza kuti ndidikire panja ndi amayi, koma zenera linali losweka ndipo ndinakwera pa njerwa. Kuyambira ndili mwana sindikhutira ndi zongouzidwa. Ndinaona jakisoni akulowa pa tsaya ndi kuseri kwa khutu, agogo atagwira m'mphepete mwa tebulo zala zili gwa. Ndinaona chikope chija, chimene kwa zaka ziwiri chinali cholendewera, chikukwera n'kukhudza diso ngati mmene chinalengedwera. Ndinaona kakhungu kotuwa, kochepa ngati tsamba la bwemba, kakuyalidwa pansi pake n'kusokedwa kuzungulira, ndipo pamwamba pake anamangirirapo kathonje kuti kakanikize. Pomaliza dotolo analowetsa ulusi wakuda m'mphepete mwa chikope cham'munsicho, kuukokera m'mwamba mpaka diso litatsekeka, n'kuumata pachipumi ndi pulasitala. Kenako anakulunga mutu wonse ndi bandeji, khutu lakumanja n'kuphimbika. Lakumanzere linali logontha pang'ono ndi ukalamba.

Atatiitana kulowa, dotolo anatambasula zala zonse. "Dez dias," anatero.

"Masiku khumi, agogo," anatero enfermeru. "Chigambachi chili ngati mbande yowokera. Mukachigwedeza mizu isanagwire, chifota. Ulusiwo ndi umene wagwira chikope kuti chisatsike. Musaukhudze, ngakhale uyabwe bwanji. Dotolo achoka mkuja, ndidzaudula ndine."

"Masiku khumi mumdima," anatero amayi, "nkhondo ili chonchi."

"Ndili ndi maso awiri apa," agogo anayankha, akufufuza mutu wanga ndi dzanja. "Eti, mkazi wanga?"

"Sindidzachoka pambali panu," ndinatero. Palibe amene anandikakamiza. Ndinanena ndekha, mokweza, dotolo akumva.

Malo ogona kuchipatala kunalibe, ndiye tinabwerera tsiku lomwelo. Tsono mumve za kakhalidwe kathu. Popeza tinafika mochedwa ku Chiwanga, kanyumba kathu kanali komaliza, kumtunda, kumene kumayambira njira yokwera kumapiri. Anthu a mfuti akabwera ankachokera kumapiri konko, ndipo ife tonse tinkathawira kunyanja, kumene kunali mabwato ndi bango. Ngakhale mwana wongoyamba kuyenda ankadziwa lamulo lake: mapazi ambiri akathamangira kunyanja, usafunse, thamanga. Ankadziwanso kuti amene amatengedwa msanga ndi ana a msinkhu wanga, otha kusenza katundu.

Amayi sakanatha kukhala pakhomo. Agogo atasiya kusoka, usipa unasiya kubwera, ndiye m'mamawa uliwonse ankapita ndi azimayi anzawo kukalima m'minda ya eni ake kuti apatsidwe chinangwa. Ankatisiya awiri. Agogo ndiwo anaganiza za chingwe. Anatenga chingwe chachitali cha m'mphepete mwa ukonde, mbali ina kumanga pamkono pawo, ina pa kakolo wanga, kutalika kwake kondilola kufika pamoto, pamtsuko wa madzi ndi pansi pa mango. Akakoka kamodzi ndiye kuti madzi, kawiri ndiye kuti ndiwaperekeze kuseri.

"Nanga katatu?" ndinafunsa.

"Katatu ndiye kuti ndikungofuna kudziwa ngati nsomba yanga ikadalipo."

Masiku atatu ndinasunga mawu anga. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, ngakhale sizindithandiza kanthu. Ndinkawamwetsa phala la chinangwa ndi chipande, ndinkawauza amene akudutsa panjira ndi chimene wasenza, ndinkawagwira manja ulusi ukawayabwa. Iwo ankagona chagada pamphasa monga anauzidwira, akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi, ndipo nthawi ndi nthawi chingwe chinkagwedezeka katatu pa mwendo wanga. Ndiwo zathu zinali masamba a chinangwa opanda mchere, m'mawa ndi madzulo. Anzanga ankasambira kugombe ndipo phokoso lawo linkafika mpaka pakhomo.

Kuyambira tsiku lachiwiri, pakati pa nyanja pankaoneka mitambo ya nkhungu itaima ngati utsi wa tchire. Kwa amene sanakulire kuno, nkhungu ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, tosaluma, timene timatuluka m'nyanja nthawi ya mvula tochuluka ngati fumbi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, anthu amanyowetsa madengu n'kumawazunguza m'mwamba, tizilomboto n'kumamatirira, kenako amatikanya, kutikulunga m'masamba a nthochi, kuwiritsa ndi kuyanika. Chimatuluka chinthu chakuda ngati chigumu chopserera, chokoma ngati nsomba, chosungika masabata. M'chaka cha njala, nkhungu zikatera pagombe lanu ndiye kuti Mulungu wakukumbukirani.

Tsiku lachinayi, dzuwa litakwera pang'ono, mphepo inatembenuka. Agogo anali atagona tulo titatha kudya phala. Ndinaima pansi pa mango n'kuona mtambo wakuda ukukwawa pamwamba pa madzi kulunjika kwa ife, ndipo mudzi wonse unadzuka: azimayi akutuluka ndi madengu, ana akukuwa, agalu akuuwa, aliyense akuthamangira kunyanja. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinkafuna amayi akabwera apeze ndiwo. Ndi zoona. Koma n'zoonanso kuti miyendo yanga inali itatopa ndi chingwe, ndipo ndinkafuna kuthamanga ndi anzanga. Ndinaganiza zowadzutsa, kenako ndinati akhoza kundiletsa. Ndinati ndipita ndi kubwera asanatembenuke.

Ndinamasula chingwe pa kakolo. Ndikanangochisiya pansi, bwenzi ndikunena kuti unali ubwana. Koma ndinachimangirira pa nsanamira ya pakhonde, kuti akakoka katatu ali m'tulo amve kulemera, ayese kuti ndilipo. Ndinatenga dengu la amayi n'kuthamanga.

Kugombe kunali mdima masana. Nkhungu zinkalowa m'mphuno, m'makutu, m'kamwa, zinkalira mwakachetechete ngati mvula ya kutali, ndipo ife tinkaviika madengu m'madzi n'kuzungulira nawo, maso titatsinzina, tikugundana, tikugwa, tikuseka. Azimayi amene ndinali ndisanawaonepo akumwetulira chifikire ku Chiwanga ankaululutira, kapulana atamanga m'chiuno, nkhope zili bii ngati opaka mwaye. Dengu likada, ndinkakokolola ndi dzanja n'kuunjika pansi pake, kuviikanso m'mphepete, kuzunguzanso. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. M'chaka chonsecho, tsiku limenelo ndi limene ndinasangalala kwambiri, ndipo zimenezi sindinadzikhululukire.

Pobwerera, dengu lili pamutu, ndinaona bandeji pakhomo, yoyera, itatambalala m'dothi. Patsogolo pake panali kathonje kamagazi. Mphasa inali yopanda munthu. Chingwe chinali chikadali pa nsanamira, koma mbali ya agogo inali yodulidwa bwinobwino ndi mpeni.

Kenako ndinamva dzina langa. Silinkachokera kunyanja. Linkachokera kumtunda.

"Rute. Rute, mwanangu."

Ndinawapeza patali ndithu m'njira ya kumapiri, opanda ndodo, mawondo atanyuka pogwa, kampeni kawo kosokera kali m'manja. Ulusi wakuda uja unkalendewera pachipumi, woduka. Chikope chinali chitatsika, chigamba chitasendeka mbali imodzi, magazi akutsika mpaka kuchibwano, ndipo nkhungu, zimene mphepo inali itazifikitsa mpaka kumeneko, zinali zitamatirira pabala ndi m'diso momwe. Munthu amene anagona masiku anayi osagwedeza mutu anali atamva m'nthaka, kudzera pamphasa, mapazi a mudzi wonse akuthamangira kunyanja. Mawu sanawamve chifukwa cha bandeji. Anakoka chingwe, anaitana, anatsatira chingwecho n'kupeza mtengo. Ndiye anadula ulusi kuti aone, ndipo mmalo motsikira ku mabwato monga aliyense, anakwera kumene ankaganiza kuti kukuchokera mfuti.

"Ndiwe?" anafunsa.

"Ndine, agogo."

"Sanakutenge."

"Kulibe munthu, agogo. Ndi nkhungu."

Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pamkono pawo pamene tizilomboto tinatera, kenako anakhala pansi m'njira momwemo.

"Nkhungu," anatero. "Usalire, utaya dengulo. Ima pomwepo ndikuone, popeza ndatsegula kale."

Ndinaima, dengu lili pamutu, ndipo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nthawi yaitali, ndi diso lofiira lodzaza tizilombo.

Ndinawatsogolera kunyumba, ndinawatsuka ndi madzi owiritsa mmene ndinathera, ndinakung'untha bandeji n'kuwakulunganso. Amayi atafika ndi mtolo wa chinangwa anangoona magazi pa malaya n'kuuponya pansi. Atamva kuti ulusi waduka, anatembenukira kwa ine, ndipo anali atagwira kale chikuni.

"Iwe unali kuti?"

"Ndinamutuma ndine," anatero agogo, ndisanatsegule pakamwa. "Ndinamva kuti kwatera nkhungu, ndinati apite, tatopa ndi masamba. Ulusiwo unkandiyabwa, ndiye ndadula."

"Unkakuyabwani?"

"Kwambiri."

Amayi anaika chikuni pansi. Sanakuwe. Analankhula motsitsa, ndipo zinapweteka kuposa kukuwa.

"Munthu wamkulu ngati inu, bambo. Mwana uyu wakhala womangidwa ngati mbuzi masiku anayi, ine ndikulimira anthu mpaka manja kutuluka matuza, inu kulephera kupirira kuyabwa. Ndinakuuzani kuti tisapite. Munati mupirira."

"Ndinatero, mwanangu. Ndalakwa."

Ine ndinali chiimire pamenepo, pakamwa pali gwa. Madzulo ake amayi anakanya nkhungu zija n'kuziwiritsa, ndipo tinadya. Musaganize kuti zinandikanika kumeza. Njala ilibe manyazi. Tinadya tonse atatu, agogo n'kunena kuti zakoma.

M'mawa mwake tinapita ku Metangula. Boti la dotolo linali litachoka kale. Enfermeru atamasula bandeji anapuma mozama, n'kuyang'ana amayi, n'kuyang'ana ine. Sanafunse zambiri. Anatsuka, anabwezera chigamba m'malo mwake, anakokera chikope m'mwamba ndi pulasitala, n'kutipatsa kachubu ka mankhwala opaka kamene kanali kotsala theka. Anati, "Tiyese, agogo. Kusoka kotere ine sindikutha." Patapita masiku atatu chigamba chinada ngati tsamba louma, ndipo tsiku lina chinachoka pamodzi ndi thonje. Bala lachiwiri popola linakoka chikope kuposa loyamba. M'diso munabuka chilonda, mankhwala anatha, dotolo wina sanabwere. Pofika nthawi ya mwera, diso lonse linali litayera ngati la nsomba yowiritsa.

Agogo sanasiye kusoka. Ankafufuza mabowo ndi zala, ine n'kumawauza pamene adumpha, ndipo pang'onopang'ono singano inasamukira m'manja mwanga. Asodzi ena anapita kwa osoka ena. Ochepa ankabwerabe chifukwa cha chisoni, ndipo agogo ankadziwa. Nthabwala zinachepa, koma dzina loti mkazi wanga sanalisiye. Amayi ankawasamala bwino, koma akatopa mawu aja ankatuluka: "Mukanapirira, bambo." Iwo ankangoti, "Eya, ndikanapirira." Ndinamva zimenezi kambirimbiri ndili pambali, ukonde uli pamwendo.

Za tsiku lija analankhula nane kamodzi kokha. Kunali kutapita chaka, tili pansi pa mango, amayi ali kumunda. Ankayesa mfundo zanga ndi chala.

"Izi zagwira," anatero. "Ija ya pa nsanamira inagwiranso. Nditaikhudza ndinadziwa kuti ndi dzanja lako, ndipo wamanga mosafulumira. Ndiye ndinati, mwanayu wapita kuthengo kumtunda zisanayambe, a mfuti akubwerawo ayamba kukumana ndi iye."

Ndinakoka mfundo ina.

"Ukanangondidzutsa, mkazi wanga. Ndikanakuuza kuti thamanga, ndipo dengu ulinyowetse bwino."

"Ndiwauze amayi?"

"Uwauze kuti apindule chiyani? Ali ndi bambo wosapirira, azolowera. Usawalande mwana."

Agogo anamwalira nkhondo isanathe, ndi chifuwa, ndipo anaikidwa ku Chiwanga konko, kwa eni. Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, anaona adzukulu, ndipo nthawi zonse akamasimba za bambo awo ankamaliza ndi mawu akuti anali munthu wabwino koma wopanda chipiriro. Ndinawasambitsa, ndinawadyetsa m'matenda awo omaliza, mpata unalipo tsiku lililonse, ndipo sindinawauze. Anapita akudziwa choncho. Kuno n'koyamba kuti ndinene.

Anthu amati ndine mayi wovuta. Amati ndimawerenga nkhuku kawiri, ndimanunkhiza mankhwala ndisanamwe, munthu akati ndibwera pompano ndimamufunsa kuti pompano wake ndi uti. Apongozi anga, akazi a ana anga, amanong'onezana kuti ndi nkhondo inandichita chonchi, ndipo ndimawasiya aganize choncho. Nkhondo inathandizako. Koma munthu woyamba amene ndinamuona akulonjeza ndi mtima wonse, kenako n'kumangirira lonjezolo pamtengo, ndinali ine ndemwe. Ndikamuyang'ana munthu amene akulumbira, sindiganiza kuti ndi woipa. Ndimangodziwa kuti nkhungu zake sizinatere.

Chaka chino diso langa lakumanja lachita ng'ala. A chipatala anabwera kudzalemba maina, akuti kubwera madokotala a maso, ntchito yake ndi yaifupi, amaphimba diso limodzi tsiku limodzi basi. Ndinawafunsa mafunso mpaka mnyamata wolembayo anapukuta thukuta. Ndinabwerera kunyumba osalembetsa, ndinagona, m'mawa ndinapitanso n'kulembetsa. Nditafika pakhomo, mdzukulu wanga Marita, amene ndimakhala naye, anandilandira ndodo n'kundikhazika pampando. Ndi mwana wabwino, wa msinkhu womwe uja.

"Agogo, musaope," anatero. "Ndidzakhala pambali panu, sindidzachoka ngakhale pang'ono. Ndikulonjeza."

"Bweza mawu amenewo," ndinamuuza.

Anadabwa, maso n'kuyamba kulengeza misozi. "Simundikhulupirira?"

"Sindikufuna lonjezo lako. Ukadzafuna kupita, udzapite. Ukadzandipeza ndili m'tulo, udzandigwedeze, undiuze kumene ukupita ndi chimene chikuchitika panja. Basi."

Anavomera, koma anapita kukatunga madzi atakwiya, ndowa ikugunda m'miyendo. Akwiye. Ndi bwino andiyese nkhalamba yokayikira kusiyana n'kuti adzafike zaka zanga atasenza diso la munthu.